Kiyi wa Sitolo ya a Dzimbiri

Kalekale, koma osati kale lenileni, pakuti mafoni anali atadzaza kale m'matumba mwa anthu, pa Balaka panali mkulu wina, a Dzimbiri. Anali ndi sitolo ya mabuku pafupi ndi depoti, ndipo m'katimo anaikamo benchi. Lamulo lawo linali limodzi: kuwerenga n'kwaulere, kutuluka nalo buku n'kugula. Buku lililonse ankalidinda dzina lawo patsamba loyamba.

Chakudza sichiimba ng'oma. Anthu anayamba kumalowa, kujambula chikuto cha buku ndi foni, n'kutuluka kukaliitanitsa kwina kotchipa. Ena ankatsanzika ndithu mwaulemu, ngati sanalakwe kanthu. Mkuluyo ankangokhalira kupukuta fumbi, mpaka anadwala, nafa dzanja ndi mwendo. Achibale asanapite naye kumudzi, iye anaitana ana ake atatu.

"Ana inu, sitoloyi isafe ine ndili moyo. Amene aipulumutse ndidzampatsa kiyi wangayu, ndipo dzina langa lidzakhala lake."

Mutu umodzi susenza denga, koma anawo aliyense anathamangira kwake.

Lonjezo, woyamba, anasankha mabuku onse abwino n'kupita nawo ku Lilongwe. Anawajambula, nawaika pa intaneti, ndipo ankawatumiza pa basi mpaka ku Karonga. Ankagulitsa kuposa bambo ake, koma mabukuwo ankakhala m'makatoni kunsi kwa bedi, ndipo wogula sankamuona nkhope.

Mwandida, wachiwiri, anati chitseko cha bambo ake sichitsekedwa iye alipo. Anadzaza mashelefu ndi machaja, mawigi ndi mafuta odzola, ndipo anthu anayambanso kupanikizana pakhomo. Mabuku otsala ankamutsekera malo, choncho anawapereka kwa amayi a mumsika kuti azikulungira malonda.

Ganizani, chitsirizira, anangotola benchi ija ndi mabuku ong'ambika amene amayiwo anawakana. Anakaziika pansi pa mtengo wa mango, ndipo akabaza ndi ana asukulu ankabwera kudzawerenga ulere. Iye mwini ankadya kwa anzake. Mvula ndi chiswe zinkagawana mabukuwo pang'onopang'ono.

A Dzimbiri ataona kuti mphamvu zikutha, anapempha kuti akaone sitolo yawo. Potsika basi anagula mtedza wokazinga, ndipo pofunyulula kapepala kake anapeza chidindo chawo, chitanyowa ndi mafuta. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya. Atalowa m'sitolo anafunafuna fungo la mapepala, koma anangomva perefyumu. Mtima unawawawa kwambiri, ndipo analira pamaso pa ogula, osachita manyazi.

Ana aja anasonkhana kuseri kwa sitolo, pamene anagoneka bambo awo pamphasa.

"Bambo, mabuku anu akuyenda dziko lonse," anatero Lonjezo.

"Nanga munthu wopanda ndalama amawerengera pati, mwanangu?"



"Ine chitseko sindinatsekepo, ababa," anatero Mwandida. "Chikwangwani chanu chikadali pompo."

Mkuluyo anatulutsa kapepala kaja n'kumupatsa.

Ganizani anayankhula motsitsa mawu. "Anthu anu akuwerengabe, bambo. Koma dzinja likubwerali sindikudziwa ngati patsala buku."

A Dzimbiri anagwira kiyi ndi dzanja lawo lamoyo lija. Anayang'ana mwana uyu, nayang'ana uyo. Anakweza dzanjalo pang'ono, koma linagwa lisanaloze munthu, ndipo sanadzukenso. Pokonza thupi anachita kuwatambasula zala kuti achotse kiyiyo.

Mpaka lero kiyiyo ali kwa amalume awo a anawo, amene akuti mlanduwu wawakanika. Wina ali ndi malonda a mabuku opanda khomo, wina khomo lopanda mabuku, wina owerenga opanda denga. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mwinanso mukuiwerengera pafoni pomwepo, tandiuzani: kiyi ameneyu apatsidwe ndani, kapena akangomukwirira pamanda a mwini wake?