Mlimi Amene Anazimitsa Dzuwa ndi Khasu

M'mudzi wina wa kuseri kwa phiri munali mlimi amene ankaudziwa mwezi kuposa mmene ankadziwira ana ake. Munthu akafuna kutema nsungwi za nkhokwe, ankayamba wafunsa iyeyo. Iye ankakweza maso kumwamba n'kunena kuti, "Dikirani ulowe mumdima. Mukatema uku ukuwala, nkhokwe yanu ifumbwa chaka chisanathe." Mwezi ukangokhala, anthu ankasonkhana pakhomo pake kudzamva ngati wasunga mvula kapena ukuitaya. Akanena kuti wapendekeka, ukukhuthula madzi, mudzi wonse unkatulutsa mbewu n'kunola makasu.

Koma panali lamulo limodzi limene ankalilalikira mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ankati tsiku limene mwezi wafa, wina asanabadwe, khasu lisakhudze nthaka. Wolima tsiku limenelo, chimanga chake chidzauma chisanamasule. Anthu ankamvera ndithu. Tsikulo likafika, makasu ankagona pakhonde, amayi ankapita kumtsinje kukachapa, abambo ankakhalira bawo, ndipo kuminda kunkangoti zii.

Abale anga, mukuganiza kuti ankalimbikira chonchi chifukwa chokonda chimanga cha anzake? Ayi ndithu! Tamverani.

Munda wake unkachita malire ndi wa mayi wina wamasiye, dzina lawo aNangozo. Pakati pa minda iwiriyi panalibe mtengo kapena mwala, koma kanjira kopapatiza basi. Inu alimi mukudziwa kuti pogalauza, mzere wa chaka chatha timaugumula, dothi lake n'kuundira mzere watsopano pambali. Mizere imayenda. Ndiye chaka chilichonse, mwezi ukafa m'nyengo yogalauza, kumunda kulibe diso la munthu, mkulu uja ankanyamula khasu n'kuzemba kuseri kwa nyumba. Akafika, ankagumula mzere umodzi wa aNangozo n'kuusandutsa wake. Kanjira kaja ankakasuntha, n'kukapondaponda bwinobwino kuti kaoneke kakalekale.

Mzere umodzi wokha pachaka. Ndani angaone? Koma zaka zisanu ndi ziwiri zitatha, inali mizere isanu ndi iwiri, italiitali kuchokera kumtunda mpaka kudambo, panthaka yakuda bii. Nkhokwe yake inkasefukira. Ya aNangozo inkatha Khirisimasi isanafike. Ndipo chimene chimandiwawa ine ndikamakamba nkhaniyi ndi ichi: njala ikavuta, mayi uja ankabwera kudzapempha ganyu kwa mkulu yemweyo, n'kupalira mizere yawo yomwe kuti alandire mbale ya madeya.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mwezi unafanso, m'nyengo ija ya dzuwa loswa mtengo. M'mawa mkulu uja anayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu kuti, "Lero khasu ayi!" Dzuwa litakwera, iye yemweyo anali kumalire, malaya atavula, khasu lili m'manja.

Anatema kamodzi. Anatema kawiri. Atafika pakati pa mzere, anaona kuti thukuta lauma. Kamphepo kozizira kanamuwomba pamsana. Anayang'ana manja ake, akuoneka otuwa. Anayang'ana munda, kuwala kwafooka ngati nyali imene ikutha mafuta. Mitambo kulibe, utsi kulibe. Atakweza maso, mayo ine! Dzuwa lalumidwa mbali!

Anasisita m'maso, nayang'ananso. Likulumidwabe. Mbalame zinasiya kulira. Ng'ombe zinayamba kulunjika kukhola zokha. Kudambo nkhululu zinayamba nyimbo za madzulo. Kenaka mdima unangoti bii masanasana, nyenyezi n'kutuluka.

Tsopano mvetsani kuti lamulo la khasu lija mkuluyu sanalipeke yekha. Analimva kwa makolo. Kungoti iye ankaliyesa msampha wogwirira ena, mwiniwake osalikhulupirira. Koma ataona mdima uja, khasu lili m'manja, phazi lili m'munda wa mayi wamasiye, analikhulupirira lonse nthawi imodzi. Mumtima anangoti, ndapha dzuwa ine, dziko latha, ndipo Mulungu wandipeza ndili pamzere wakuba!

Anataya khasu, liwiro la mtondo wadooka. Kudumpha mizere, kugwa, kudzuka, nsapato imodzi kutsala m'munda.

Kumudzi kunali chipwirikiti. Anthu a kumeneko ankati chilombo chikameza dzuwa, muzichita phokoso kuti chilavule. Ndiye wina ndi chidebe, wina ndi poto, wina akumenya mtondo ndi munsi, agalu akuuwa, nkhuku zikukankhana polowa m'khola. Onse akukuwa, "Lilavule! Lilavule!"

Mkulu uja anadutsa pakati pawo, nakagwada pamapazi pa aNangozo, nafuula mawu oposa zidebe zonse.

"Siyani zidebezo, si chilombo ayi, ndine! Ndimalima lero! Mayi, ndakhala ndikukuberani munda. Mizere isanu ndi iwiri ya kumalire ija ndi yanu, ndikubwezerani yonse. Mulungu andichitire chifundo!"

Zidebe zinakhala chete. Mudzi wonse unamva, mwana ndi wamkulu yemwe.

Ndipo abale, asanapukute n'komwe misozi, kumwamba kunang'anima kadontho ka moto. Kadontho kaja kanakula. Mdima unayamba kuthawa, mithunzi inabwerera, atambala analira ngati kwacha kachiwiri. Dzuwa! Dzuwa labwera! Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Amayi anavina, abambo anaponya zipewa m'mwamba, aliyense akuti chidebe chake ndicho chaopseza chilombo. Nkhuku zinatuluka m'khola zikuyang'ana uku ndi uku, zosamvetsa kuti usiku wa lero wafupika bwanji.

Chisangalalo chili pakati, anatulukira mlangizi wa zaulimi pa njinga yake, akuseka. Iye anawafotokozera kuti ameneyu ndi kadamsana. Mwezi wangodutsa kutsogolo kwa dzuwa, ndipo ophunzira za kumwamba anadziwiratu tsiku lake ndi ola lake kalekale. Panalibe chilombo. Panalibe khasu la munthu limene lazimitsa kanthu. Ngakhale mudzi wonse ukanagona tulo, dzuwa likanaphimbika ndithu, n'kubweranso lokha.

Apa ndiye pali nkhani yanga. Tcherani khutu.

Mkulu uja anali chigwadire. Dziko silinathe. Chiweruzo sichinafike. Dzuwa likuswanso mtengo monga mwa masiku onse, ndipo mizere isanu ndi iwiri ija ili pomwepo, atathiramo kale ngolo ziwiri za manyowa. Anthu anayamba kumwetulira. Ena akutsinana. Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo mkazi wake anamusonyeza. Anawerama n'kumunong'oneza kuti, "Inu, dzukani. Nenani kuti mutu unazungulira ndi mantha. Lero aliyense wayankhula zopanda mutu, palibe amene akuimbeni mlandu."

Ndipo zinali zoona. Akanaseka nawo, n'kunena kuti, "Ha, mantha ndi oipa," nkhani ikanathera pomwepo. Mboni ya malire akale panalibe. Mayi wamasiye akanapita nayo kuti? Mkulu uja akanasunga munda, akanasunga nkhokwe, akanasunganso ulemu wake wa munthu wodziwa mwezi.

Koma iye anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nayang'ana anthu onse.

"Dzuwa silinazime chifukwa cha ine, ndamva. Koma zimene ndanena zija n'zoona. Ndinaba."

ANangozo anamuyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. "Ndimadziwa, bambo. Chaka chilichonse ndinkawerenga mizere yanga. Koma ndikananena, akanandimvera ndani?"

Apo mpamene mkulu uja analira kulira kwenikweni. Kuja koyamba kunali kulira kwa mantha, kodzilirira yekha. Uku kunali kwa munthu amene waona chimene anachitira mnzake.

"Tiyeni kumunda," anatero. "Tonse. Lero lomwe, dzuwa likuona."

Ndipo anapita, abale! Mudzi wonse pambuyo pake, iye patsogolo ndi nsapato imodzi. Anatola khasu pomwe analitaya paja, nawerenga mizere mokweza, anthu akuwerenga naye: umodzi, iwiri, itatu, mpaka isanu ndi iwiri. Pamenepo analambula kanjira katsopano, nakumba maenje, nadzala khonje kuchokera kumtunda mpaka kudambo kuti malire asadzayendenso. Manyowa aja anawasiya momwemo. Wina anamukumbutsa moseka kuti lero khasu silikhudza nthaka. Iye anangopukuta thukuta n'kupitiriza kukumba, ndipo anthu ena anathamangira kunyumba kukatenga awo kuti amuthandize. Amayi anayambitsa nyimbo, fumbi linakwera, aNangozo akuvina pakati pa mizere yawo, akuseka uku akulira.

Chaka chimenecho nkhokwe ya mkulu uja sinadzaze. Anthu anasiyanso kubwera kudzamufunsa za mwezi, ndipo ana ankamutcha Wozimitsa Dzuwa mpaka imvi. Kulapa kunamudyera zambiri, sindikubisirani. Koma ankadutsa pakhomo pa aNangozo mutu uli m'mwamba, n'kupereka moni osayang'ana kumbali.

Tsopano ndibwere kwa inu ndi ine. Tonsefe tinalapapo mumdima. Mwana atatentha thupi, mudalonjeza chiyani? Minibasi itaphulika tayala pamtsetse, mudakuwa kuti chiyani? Mphezi itagwa pamtengo wa pakhomo panu, si inu mudati, "Ambuye, mukandipulumutsa pano, ndisiya"? Mulungu anamva. Mwana anachira, galimoto inaima, mvula inakata. Ndiye tinadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kunena kuti mutu unangozungulira.

Kulapa kwa mumdima n'kosavuta, ngakhale mbala yoopsa imakutha. Mantha amatsegula pakamwa pa aliyense. Chimene Mulungu akudikira ndi chimene uchite kuwala kukabwerera, pamene palibe chokuopseza, pamene ukhoza kubweza mawu ako popanda wokufunsa. Iye sabwezera dzuwa kuti tipitirize pomwe tinasiyira. Amalibwezera kuti tione bwino pokonza chimene tinawononga.

M'bale wanga, mlongo wanga, mdima wako unapita, ndipo lero wakhala pano uli moyo. Tithokoze Mulungu! Koma pali munthu amene akudziwa chimene unamulanda, ndipo wangokhala chete chifukwa alibe womumvera. Usadikire kuti kudenso. Tikatuluka muno, usayambe wapita kwanu. Yamba wapita kwa iyeyo.