Makiyi a m'Chiuno mwa Apongozi

M'nyumba ya banja la a Tamrakar, m'kanjira kopapatiza ka mzinda wakale wa Kathmandu, phokoso linkayambira pansi n'kumakwera. Pansi amuna ankasula mitsuko ya mkuwa, pakati pankagona anthu, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, panali khitchini ya Chinimaya. Ndikuti yake chifukwa ndiye ankapsa zala m'menemo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, chikwatiwire ndi Pancha Ratna, mwana woyamba wa m'nyumbamo. Koma makiyi a chipinda chosungiramo chakudya ndi a kachipinda ka milungu ankalendewera m'chiuno mwa apongozi ake, Amayi Beti Maya. Akafuna mafuta, kupempha. Akafuna mpunga, kupempha, munthu woti imvi zayamba kale kutuluka.

Chomwe chinkamulimbitsa mtima n'chakuti tsiku la janku linali litayandikira. Apongoziwo ankakwanitsa zaka 77, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku asanu ndi awiri, tsiku limene nkhalamba amaikweza m'kangolo kokongoletsa, ana ndi adzukulu n'kuikoka m'misewu, n'kubwerako ikulemekezedwa ngati mulungu. Ndipo m'banja limenelo, kuyambira makolo, nkhalamba ikatsika m'kangoloko inkamasula makiyi n'kupatsa mtengwa amene waisambitsa mapazi. Chinimaya ankawamva kale makiyiwo akulira m'chiuno mwake.

Kutatsala sabata, kunatulukira Timila, mkazi wa mwana wamng'ono. Iye ndi mwamuna wake ankakhala kutali ku Tansen, kumapiri a kumadzulo, ndipo mumzinda waukuluwu Timila anali atangopondamo kawiri. Anabwera ndi nsalu yoluka yekha, n'kuwafunditsa apongozi pamapewa.

"Taonani manja a mwanayu!" anatero Amayi Beti Maya. "Timila, khala pafupi nane apa. Chinimaya, tamuthirira tiyi mng'ono wakoyu."

Tiyi anathiridwa, koma supuni inalira m'kapu kuposa masiku onse. Nsanje inamulowa Chinimaya ngati utsi wa nkhuni zaziwisi: m'maso, m'mphuno, paliponse. Timila akaseka, iye ankamva ngati akumuseka iyeyo. Timila akakazinga nyama ya njati apongozi n'kunyambita zala, iye ankakankhira mbale yake kumbali.

"Ukungodzivutitsa iwe," anatero Pancha Ratna. "Mlendo ndi mame. Mwambo ukatha anthuwa akwera basi."

"Inu mumangodziwa kugogoda mkuwa mpaka makutu anagontha," anayankha mkaziyo. "Simukuona kuti tsiku lililonse Timila akuwasisita mapazi amayi anu? Mukuyesa n'chikondi? Akuyeserera ameneyo!"

Mwambo uli mawa lake, Amayi Beti Maya anakonza mbale yaikulu ya mkuwa: maluwa, mpunga, utoto wofiira ndi mtedza wa supari woitanira milungu kuchikondwerero. Anati, "Timila anyamule mbaleyi, aone nawo malo opatulika a kwathu kuno. Iwe Chinimaya umutsogolere, njira ukuidziwa."

Apa ndiye anamuponda pachilonda. Mbale imeneyo ankainyamula ndi iye chaka ndi chaka. Lero akhale wolozera njira?

Ngakhale mwana woyamwa mumzindamo amadziwa kuti mwambo uliwonse umayambira kwa Ganesh wa m'dera lako, mulungu wa mutu wa njovu, wotsegula njira. Ukamulumpha, zonse zimene wachita pambuyo pake zapita m'madzi. Wawo anali pangodya ya kanjira kawo, mwala waung'ono wofiira ndi utoto, wolowa m'khoma pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mawotchi, moti mlendo amangoudutsa. Chinimaya anamwetulira mwachiphamaso, kampeni kali kumphasa.

"Tidzere khomo la kuseri, mng'ono wanga. Kutsogoloku kuli matope."

Anamuzungulitsa m'tinjira mpaka kukafika pa kachisi wina wa Ganesh, wa denga lonyezimira, wa anthu a dera lina.

"Akulu, wathu ndi ameneyu?" anafunsa Timila.

"Chitambacho sukuchiona?" anatero Chinimaya, akuyang'ana kumbali.

Timila anagwada, naika mtedza, naliza belu. Kuchoka apo anayenda tsiku lonse. Anakwera masitepe a kachisi wa paphiri wa Swayambhu anyani akuwalondola, Timila atakumbatira mbale pachifuwa. Anatsikira ku kachisi wa Pashupati, m'mbali mwa mtsinje kumene amawotcherako mitembo ndipo utsi sutha. Anakafika mpaka kumpoto kwa mzinda, kwa mulungu wogona pamadzi. Paliponse Timila ankangoti, "Mayo ine, kukongola! Akulu, muli ndi mwayi inu, mumaona zimenezi tsiku lililonse." Ndipo kukondwa kwakeko kunkamuwawa Chinimaya kuposa mawondo.

Anabwerera dzuwa litapendeka. M'chipinda chapakati munali wansembe wa banjalo ndi azakhali atatu akusankha mpunga. Chinimaya anali atakonzeratu mawu ake: adikire anthu akhazikike, kenako afunse mwaulemu ngati mng'ono wake anakumbuka Ganesh wa pangodya. Koma apongozi anamutsogolera.

"Ndakhala pawindo kuyambira m'mawa," anatero Amayi Beti Maya. "Belu la Ganesh wathu ndi long'aluka, ndimalidziwa kulira kwake. Lero sindinalimve."

Timila anatuwa. "Amayi, tinayambira kwa Ganesh ndithu. Wa denga lonyezimira uja."

"Wa eni ake ameneyo!" anakuwa azakhali ena. "Mwaitanira milungu kudzera pakhomo la anthu ena?"

"Ine ndimayesa mwiniwake wa mbale anadzerako kale m'mamawa," anatero Chinimaya, mawu ali ofewa ngati thonje. "Kapena ku Tansen amayambira kwina, kaya."

Timila misozi inali mbwembwembwe. Chinimaya anadikira kuti mkwiyo umugwere mlendoyo. Koma nkhalambayo sinamuyang'ane n'komwe Timila.

"Mlendo akasochera, timafunsa womutsogolera. Chinimaya, mwala uja waupaka utoto m'mawa uliwonse kwa zaka zingati?"

Wansembe anatsokomola, nanena kuti milungu sinaitanidwe, ndipo ulendo wonse uyenera kubwerezedwa mawa kuyambira pangodya. Koma nthawi ya mwambo, imene inawerengedwa kuchokera pa tsiku lobadwa la nkhalambayo, sikanasunthika ngakhale pang'ono.

"Timila mapazi atupa," anatero apongoziwo. "Upite wekha. Njira zonse ukuzidziwa iwe, ngakhale za kuseri. Ukafulumira utipeza."

M'mawa kutacha Chinimaya analiza belu long'alukalo mwamphamvu kuti apongozi alimve, n'kuuyatsa ulendo. Ankadziuza kuti pofika masana akhala atabwerako. Koma mzinda sumva za changu cha munthu. Galimoto imene anakwera inatsekeredwa pakati pa njinga zamoto kwa ola lathunthu. Ku Pashupati mzere wa anthu unafika mpaka pamlatho. Pamasitepe a Swayambhu mawondo, amene anali atakwera kale dzulo lake, anakana. Anakwera akukhala pansi, thukuta lili kamukamu, mbale ili m'manja. Ali pamwambapo anayang'ana madenga a mzinda wonse, ndipo ankadziwa kuti kwinakwake pansipo adzukulu akukoka kangolo, ng'oma zikulira, iye palibe. Analira, koma sanadziwe ngati unali ululu wa mawondo, manyazi kapena nsanje yomwe ija.

Anafika kunyumba ng'oma zitaleka. Kangolo kanali pabwalo, kopanda munthu, maluwa ali mbwee pansi. Alendo anali atakhala kale m'mizere pamphasa, akudya. Apongozi anakhala pampando wokwezeka, ndolo zatsopano zagolide zili m'makutu, mapazi atasambitsidwa kale. Pambali pawo panaima Timila, nsalu yake itanyowa m'mphepete, makiyi ali m'chiuno.

"Akulu, ndinakana ine," anatero Timila. "Ndinati tidikire, ndinatuma anthu kukakuyang'anani kumsewu..."

"Wanena zoona," anatero Amayi Beti Maya. "Tinakudikira mpaka wansembe anati nthawi ikutithera. Sindikanatsika m'kangolo n'kulowa m'nyumba ndi mapazi afumbi." Anamuyang'ana mtengwa wawo wamkuluyo nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munali chisoni, osati mkwiyo. "Makiyiwa anali ako, mwana wanga. Sindinaganizepo za munthu wina ngakhale tsiku limodzi. Mwanayu ndinkangomusangalatsa poti ndi mlendo."

"Ndiye muwatenge, Amayi. Mundipatse."

"Zachoka m'manja mwanga. Ndikapereka pamaso pa milungu, ndingalandenso?"

Chinimaya anatembenukira kwa mwamuna wake kuti mwina amulankhulira. Pancha Ratna anangoyang'ana pansi. "Makiyi sangapite ku Tansen," anatero motsitsa mawu. "Mng'ono wanga wati asamukira konkuno. Tiwapatsa chipinda chapakati."

Mbale ya mkuwa inali ikadali m'manja mwa Chinimaya, ndipo panalibe amene anakumbuka kumulandira. Palibe munthu amene anamulanda kanthu mayi ameneyu. Mdani amene ankamuopa anachita kumupanga yekha, namutsogolera yekha kudzera khomo la kuseri, namuveka yekha makiyi m'chiuno. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.