Oyilo Wolimba wa a Dzonzi

Panali munthu wina ku Bembeke, kumapiri a Dedza, dzina lake a Dzonzi. Unyamata wawo wonse anausiya ku Bulawayo, kumene ankakonza mabasi ndi malole. Anapita tsitsi lili bii, anabwerera imvi zili mbuu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Khumbize, anakula ndi mayi ake. Bambo ake ankawadziwira pa nsapato ndi madiresi amene ankatumiza, ndipo kawirikawiri zinkakhala zothina, chifukwa mumtima mwa a Dzonzi mwanayo sankakula.

Atabwerera kudzakhazikika, sipanapite nthawi, akazi awo anamwalira. Anatsala awiri, bambo ndi mwana, anthu okondana koma osadziwa poyambira nkhani. Khumbize anali namwino ku Lilongwe. Akabwera kudzawaona, ankakhala pamipando, n'kufunsana za kudzuka, za mvula, za mbatata ya kachewere, basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chinawapatsa nkhani ndi galimoto. Khumbize anagula kagalimoto kake koyamba, kakale, kotsokomola. A Dzonzi atangokamva kulira, nkhope inawala. Kuyambira pamenepo, oyilo akada, Khumbize ankabwera Loweruka. Bambo ankavala ovololo yawo ya ku Bulawayo, n'kuyala thumba pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Mwana ankakhala pa njerwa pafupi ndi tayala, kumawapatsira masipanala. Ndiye taonani, munthu uja ankasowa mawu pampando, akagona chagada kunsi kwa galimoto ankayankhula ngati wailesi. Ankasimba za basi imene inawafera pakati pa njovu, za mmene anawafunsirira mayi ake a Khumbize. Khumbize nayenso, popeza ankangoona mapazi okha a bambo ake, ankanena zimene sakanatha kunena akuyang'anana nawo m'maso.

Tsono a Dzonzi ankakhulupirira oyilo wolimba. Ankasunga chigubu chachikulu kuseri kwa chitseko. Asanathire ankaviika chala, n'kutikita, n'kulekanitsa zalazo pang'onopang'ono kuti aone kunanda kwake.

"Oyilo weniweni ndi uyu, wonanda ngati uchi," ankatero. "Chitsulo nachonso chimafuna chofunda."

Malemu akazi awo ankakonda kuwaseka kuti munthu uyu akanaloledwa, akanathira oyilo ndi m'phala momwe.

Patapita zaka, Khumbize anagulitsa kotsokomola kaja nagula galimoto ina yochokera ku Japan, ya masiku ano, yolira monong'ona. Loweruka loyamba, a Dzonzi anamasula bawuti la kunsi kwa injini, ndipo oyilo anatuluka chuu, ngati madzi.

"Mayi, akubera!" anakuwa ali kunsiko. "Uyu si oyilo, ndi tiyi wopanda mkaka."

"Ayi ababa, akuti za masiku ano zimafuna wotereyu. Tinjira ta m'injini mwake n'tating'ono, ndiye wolimba amachedwa kufika, makamaka kukazizira. Alemba ndi pachivindikiro pomwe."

"Walemba ndani? Wolembayo anayamba wakwezapo basi paphiri, anthu ali tho, pamwamba pali njinga ndi matumba? Ndipatse botolo lothirira."

Khumbize anayang'ana manja a bambo ake, akuda ndi oyilo. Anawapatsa botolo lodulidwa pakati limene ankathirira. A Dzonzi anathira wolimba wawo akuimba mluzu.

Miyezi itapita, Khumbize anabweranso. Bawuti linavuta kumasula, ndipo a Dzonzi anati mumtima, ukalamba wayamba kulowa m'mikono. Oyilo anatulukanso wamadzimadzi, iwo anati, injini yatentha ndi ulendo, ndiye wasungunuka. Anathiranso wawo.

Ulendo wotsatira unali wa m'nyengo yachisanu. Khumbize anafika Lachisanu, galimoto n'kugona panja. M'mawa nkhungu inali itakuta mapiri, chisanu chikuluma zala. Khumbize akadali m'nyumba kuwiritsa madzi, bambo analawirira kulowa kunsi kwa galimoto.

Anaika sipanala pa bawuti, bawuti osasuntha. Makaniko aliyense amadziwa kamangidwe ka dzanja lake. A Dzonzi ankamanga mpaka ligwire, n'kuonjezera pang'ono chabe. Ili linamangidwa ndi munthu wamphamvu, wofulumira. Analimbana nalo mpaka linalola. Oyilo anatuluka chuu, ali wozizira ngati madzi a pachitsime. Apa panalibenso zonamizira kutentha. Anayang'ana fyuluta, kachitini kosefa oyilo. Iwo anaikapo yakuda. Iyi inali yoyera.

Anagona chagada osagwedezeka, oyilo akutsikira m'beseni, ndipo zonse zinamveka. Ulendo uliwonse Khumbize akatsazika, ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka kugalaja ina mumzinda, n'kukhuthulitsa oyilo wa bambo ake, n'kuthiritsa wamadzimadzi uja. Mwanayo anaona kuti kutaya oyilo watsopano n'kopepuka kusiyana ndi kuwauza bambo ake kuti nzeru zawo zatha ntchito.

Choyamba kufika anali manyazi, mkwiyo uli pambuyo pake. Mawu anali atafika kale pakamwa: ndiye wakhala ukundinyengerera ngati kamwana? Koma a Dzonzi ankamudziwa mwana wawo. Akanamudzudzula, iye akanagwada, akanapepesa, ndipo oyilo akadanso akanapita molunjika kugalaja kuti asawalakwirenso. Kumudzi akanabwerabe, inde, koma kudzakhala pamipando, kumafunsana za mvula.

Anaviika chala m'beseni n'kutikita. Munalibe ndi kanyenyeswa komwe ka chitsulo. Injini inali bwinobwino. Anatuluka kunsi kuja, natenga chigubu chawo, nachipendeketsa. Ndi chisanu chimenecho, oyilo wawo ankabwera ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Anadikira mpaka mikono inatopa. Ku Bulawayo kuja ankaliza basi n'kuisiya itenthe, iwo akumwa tiyi. Koma Khumbize akaitanidwa kuchipatala mbandakucha, amangoliza n'kunyamuka. Oyilo wotereyu angafike liti m'tinjira tija?

Anatseka chigubu, napukuta manja.

"Mayi, ndikubwera," anatero pakhomo.

"Tiyi wapsa, ababa. Mukupita kuti ndi ovololo?"

"Ndati ndikubwera."

Anakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka paboma, nalowa m'sitolo ya zida za galimoto. Mayi wogulitsa mmenemo ankawadziwa bwino, ndipo asanayankhule anali atagwira kale chigubu cha wolimba.

"Ayi, mai. Ndipatseni wopepuka uja, wa magalimoto a masiku ano."

"A Dzonzi? Inu? Si inu munandiuza kuti umenewu ndizikazingira mandasi?"

"Ndinatero. Lero ndabwera kudzagula, sindinabwere kudzaweruzidwa."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira kauntala, koma anawapatsa, pamodzi ndi fyuluta yoyera.

Atafika kunyumba anapeza Khumbize atakhala pa njerwa yake pafupi ndi tayala, atadzikuta chitenje. Maso ake anagwera pa chigubu chatsopanocho. Anatsegula pakamwa.

"Ababa..."

"Gwira botolo bwino. Ameneyu ndi wothamanga, sadikira munthu."

Anathira. Oyilo analowa msangamsanga, osapereka mpata woimba mluzu. A Dzonzi anabwerera kunsi kukaona ngati pena pakudontha, ndipo anakhalitsa kumeneko kuposa mmene ntchito inafunira. Anasimba za tsiku limene uthenga unawapeza ku Bulawayo woti kwabadwa mwana wamkazi, mmene anamangira tayala la basi mosokoneza mpaka abwana anawauza kuti akapume. Khumbize anali asanaimvepo nkhani imeneyo.

Dzuwa litapendeka, Khumbize analiza galimoto. A Dzonzi anaika khutu pa boneti, namvetsera kwa kanthawi, nagwedeza mutu. Kenaka anawerama pa windo.

"Lero upite molunjika kunyumba. Usapatukenso panjira."

Khumbize anagwira pakamwa. Anayamba kuseka, misozi ikutsika.

"Wakuuzani ndani, ababa?"

"Bawuti. Ndipo ukadzakumana naye wa kugalajayo, ukamuuze kuti bawuti samanga ngati ng'ombe yolusa. Watsala pang'ono kundithyola phewa."

"Oyilo akada ndibwere?"

"Nanga ufuna upite kuti?"

Tsono inu anzanga a imvi, mverani. Ambiri a ife tili ndi chigubu kuseri kwa chitseko. Muli malangizo, muli kakondedwe kathu, muli njira zimene zinatiyendetsa zaka zambiri osatifera pamsewu. Si zabodza ayi, zinagwiradi ntchito pa nthawi yake. Koma ana athu anabadwira m'nyengo ina, ndipo amadzuka m'mawa wina umene ife sitinaudzukepo. Ukamuumiriza mwana waulemu, sakukanira. Amalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukavutika nazo yekha kumene iwe sukuona. Ndiye ukamuperekeza mwana wako pachipata, mtima uli myaa kuti wamuthandiza, tadzifunsa: chimene ndamuthirachi afika nacho kunyumba, kapena akachikhuthula akangokhota?