Lonjezo la pa 12 Malichi

Tiyi wa a Gennady Pavlovich ankazizirira m'galasi tsiku ndi tsiku, pakuti wowerengera njira ya siteshoni ya m'mlengalenga sapeza mpata womwa kanthu kakadali kotentha. Zaka makumi atatu zinawathera m'chipinda chimodzimodzicho kunja kwa Moscow, maso ali pakhoma pamene kadontho koyera kankazungulira dziko. M'kadonthomo munali anthu asanu ndi awiri, ndipo mmodzi anali Timur, mkamwini wawo.

Timur anakwera kumwambako mkazi wake Varya ali woyembekezera. Tsopano mwana anali atayamba kukhala, bambo ake akungomuonera pakanema. A Gennady ndiwo anawerengera ulendo wobwerera, nalonjeza Varya kuti pa 12 Malichi mwamuna wake aponda nthaka. Lonjezo lopatsa mwana wako akulira pafoni limakukhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Nyumba yam'mwambayo ndi ya mayiko angapo, ndipo anagawana ntchito motere: zida zoonera zinyalala zouluka zili kwa Amereka, injini zokankhira siteshoni zili kwa Arasha. Uyu ali ndi maso, uyo ali ndi miyendo. Siteshoni sisunthidwa mpaka onse awiri atavomera, komanso injinizo zimafuna tsiku lathunthu kuti azikonzekeretse.

Lachiwiri masana, mayi Whitfield a ku Houston, ku Amereka, anaonekera pakanema, nkhope yotopa, kapu ya khofi m'manja. Anati chidutswa cha roketi yakale chidutsa pafupi mawa faifi koloko madzulo, choncho siteshoni ikwezedwe. Lidiya Markovna, womasulira amene anakalambira pakati pa zilankhulo ziwirizi, ananena mawuwo m'Chirasha.

A Gennady anawerengera mumtima. Kuikweza chotero kukanasokoneza njira yoterera, ndipo Timur akanachedwa milungu itatu. Koma zimenezi sanazitulutse. Mwamuna wamkulu angadandaule bwanji za mdzukulu pamaso pa alendo?

“Auzeni kuti chaka chatha anatikuwira kanayi konse,” anatero. “Tinawotcha mafuta kuthawa mphepo.”

“Akuti n'zoona, koma ulendo uno masamu awo ndi oipa,” anayankha Lidiya.

“Masamu awo amaipa Lachiwiri lililonse. Afunseni anayeza ndi chida chiti.”

Anayankhidwa. Anafunsanso za kukula kwa chidutswacho, anayankhidwa. Anapempha kuti mawu ena abwerezedwe. Pamsonkhano wotere chiganizo chilichonse chimayenda kawiri, kupita ndi kubwera, ndipo nkhalambayo inkadziwa bwino kuti funso la mphindi imodzi limadya mphindi zisanu. Sanakane, ayi. Kukana kukanafuna kufotokoza chifukwa. Ankangofunsa, diso lili pawotchi.

Lidiya anatseka cholankhulira ndi dzanja. “A Gennady Pavlovich, lilime langa lauma. Mukufuna yankho kapena mukufuna kuti dzuwa lilowe?”

“Masulirani, Lidiya Markovna. Za masamu musiyire ife.”

“Mayiwa afunsa kawiri ngati pali china chikukuvutani kumbali yanu.”

“Auzeni kuti kuno kulibe vuto.”

Faifi koloko inakwana anthu akukanganabe. Mayi Whitfield anavula magalasi, natikita maso, nati basi, nthawi yokonzekeretsa injini yatha. A Gennady anamwa tiyi wawo wozizira uja ngati munthu wopambana mlandu, koma kunena zoona, analibe chimwemwe.

Mawa lake anthu onse asanu ndi awiri anauzidwa kuti alowe m'zombo zawo zobwerera ndi kutseka zitseko.  Chidutswa chachikulu chinadutsa osakhudza kanthu, ena n'kuyamba kupuma. Kenaka mawu a Timur anamveka, odekha monga mwa masiku onse, akuti pawindo akuona tinthu toyera tikuuluka ngati chipale chofewa. Kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga, kotsatira chidutswa chija, kanali kataboola paipi yoziziritsira chombo chake chomwe. Madzi onse anathera m'mlengalenga anthu akuyang'ana.

Palibe anafa. Koma chombo chopanda choziziritsira chingaphike anthu potsika, ndipo china chopanda anthu choti chikawatenge sichikanakonzeka msanga. Akuluakulu atakhala pansi, analemba tsiku latsopano: kumapeto kwa Seputembala.

Patapita masiku atatu, Lidiya anawapeza kukantini atakhalira msuzi wa kabichi wosaukhudza. Anakhala moyang'anizana nawo, wotopa ngati iwo omwe.

“Mayi Whitfield andiimbira,” anatero. “Sakudziwa kuti Timur ndi mkamwini wanu, inenso sindinawauze. Angoti akanadziwa kuti nkhawa yanu ndi tsiku lotera, anyamata awo akanayesa njira ina, yoitsitsa pang'ono m'malo moikweza. Ayesa dzulo, pongofuna kudziwa. Tsiku la 12 likanakhala pomwepo.”

“Bwanji sananene?”

“Akananena bwanji? Munati kuno kulibe vuto. Ndinamasulira ndine.”

A Gennady anayang'ana buledi wakuda m'dzanja lawo. Manyazi anawagwira, owawa kuposa mantha a tsiku lija. Njira yopulumutsira lonjezo lawo inali m'mutu mwa munthu yemwe anamutayitsa maola atatu ndi mafunso achabechabe.

Loweruka lotsatira anakwera sitima kupita kwa Varya. Anamupeza akuyanika timalaya pa chotenthetsera m'nyumba, mwana ali m'manja. Sanalire, sanakalipe. Anangowapatsa mdzukuluyo kuti amunyamule.

“Bambo, pofika Seputembala ameneyu adzakhala akuyenda,” anatero. “Ndani adzamuuze kuti mlendo walowayo ndi bambo ake?”

 A Gennady ankadziwa masamu kuposa aliyense m'chipinda cha kuntchito chija, koma katundu anali wa anthu awiri, iwo n'kumubisa kuti asenze okha. Pothawa milungu itatu, anabera mwana wawo miyezi isanu ndi umodzi. Akulu sananame: mutu umodzi susenza denga.