Kanyali ka mu Mgodi

Panali munthu wina amene bambo ake anali katswiri wa sayansi. Iye sukulu anailekera panjira, koma ankawanyamulira zida, ndipo ankamvetsera.

Bambowo ankakhulupirira kuti m'chilengedwe muli tinthu tosaoneka, timene timapyola miyala ndi matupi athu osasiya chizindikiro. Ankati mwina, patapita zaka, kamodzi mwa ito kangagunde elekitironi, kanthu kochepetsetsa konyamula magetsi, n'kukasuntha pang'ono. Choncho anaika makina pansi pa mgodi wakale, kutali ndi phokoso. Elekitironi ikasuntha, kanyali ka pamakinawo kanayenera kuphethira. Vuto linali loti ngakhale mdidi wa phazi unkakaphethiritsa.

Bambowo anadikira zaka khumi ndi zitatu. Anzawo ankawaseka. Abale sanatsikeko n'komwe. Kenako anamwalira asanaone chimene ankadikira, mwana uja n'kukhala pampando wawo.

Patatha sabata kunatsika chigulu: amalume, azakhali, anzawo a malemu akuntchito atavala masuti, ndi kwaya yonse.

"Tabwera kudzalemekeza malemu pamalo pawo," anatero amalume.

"Malume, chonde, vulani nsapato. Musayimbe muno," anatero mwana uja.

"Iwe, maliro opanda nyimbo unawaona kuti? Sukulu inakukanika, mwambonso ukukanike?"

Anayimba. Anaponda pansi mwamphamvu. Kanyali kanayamba kuphethira ngati kapenga, ndipo makina analemba papepala maulendo makumi anayi ndi awiri. Azakhali anayimba nthungululu.

"Achimwene ayankha!"

"Tazipeza!" anakuwa wasuti wina. "Ulembepo mayina athu, mphwanga."

Mwana uja anayang'ana pepalalo. Mwina pa maulendo onsewo panali umodzi weniweni, umene bambo ake anakalamba akuudikira. Koma ndani akanausiyanitsa ndi nsapato za amalume?

Anatenga cholembera n'kulemba pamwamba: Phokoso la alendo. Kenako anatsekula chitseko.

"Tulukani. Nonse."

Atatuluka, anaika pepala latsopano, nayamba kudikira kuchokera pachiyambi.

Nthanoyo yathera pamenepo. Tsono inu amene mwadzaza pasiwa pano, mukulimbirana kulankhula, imvani. Munthu akamatha sakuwa. Amangosiya chakudya m'mbale, amangoyankha mochedwa kuposa dzulo. Kuti muzione zimenezo muyenera kupita kumene ali, kukhala pansi, n'kutseka pakamwa. Zinakukanikani pamene munthu amene tikumulira panoyu anali moyo. Pali ena pakati panu amene akutha chomwecho lero lino, ndipo inu mukadayimbabe.