Dokotala, Sisitala ndi Wodwala

M'dera lonselo munalibe munthu wodziwa kulera anapiye ngati Bambo Anapiye, ndipo akanakhalapo, iwo sakanavomera. Dzinali analipeza ndi thukuta. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khola la mababu olendewera, ndipo akangosuzumira pakhomo ankadziwa ngati anapiye akuzizidwa kapena akupsa. Chilema chawo chinali chimodzi. Ukayamba kuwafotokozera kanthu, usanafike n'pakati pomwe, ankakudula pakamwa kuti, "Zimenezo ndikuzidziwa."

Mwana wawo wamkazi, namwino, anali ndi kathanki ka galasi pabalaza, kakang'ono moti munthu akanakafungatira ngati khanda. Munali tinsomba titatu ta m'madzi ofunda, timene anatitcha Dokotala, Sisitala ndi Wodwala. Dokotala ankafika mochedwa pa chakudya, Sisitala ankathamangitsa anzake, Wodwala anali woonda. Namwinoyo akaweruka atatopa, ankakhala pampando n'kumationera mpaka mtima wake kukhala m'malo. Atatumizidwa ku maphunziro a masiku angapo, anaganiza zokasiya kathankiko kwa mnzake, ndipo bambo ake zinawapweteka.

"Ine ndalera anapiye osawerengeka. Ndilephere tinsomba titatu?"

"Chabwino ababa, koma mumve. Kahita kotenthetsera madzi aka n'kakang'ono dala, chifukwa madzi ochepa sachedwa kutentha. Akafunda mokwanira, kamazima kokha. Kazikhala komira m'madzi, ndipo kamzere kofiira koyezera kutentha aka kasadutse..."

"Zimenezo ndikuzidziwa."

Namwino ananyamuka, ndipo kutacha kunja kunazizira. Bambo Anapiye anapeza tinsomba titaunjikana pakona, pansi pa masamba, pamene tinkakonda kupumira masiku onse. Koma kwa woweta anapiye, kuunjikana kuli ndi tanthauzo limodzi basi. Atayang'ana kahita, anaona kanyali kake katazima. Kanali katamaliza ntchito yake, koma iwo anagamula kuti kafa.

"Mayi a mwana, tabwerani mudzaone. Ana ophunzirawa amagula zidole."

Anayamba ndi lamulo la m'khola loti wofooka amapatulidwa. Anatunga Wodwala ndi madzi ake n'kumuika m'beseni, ndipo kahita kamene ankati kafako anakaponya momwemo. Akazi awo ananyamula beseni kupita nalo kuchipinda chosokera, n'kulumikiza kahitako kusoketi ya magetsi. Bambo anapita kumsika, nabwerako ndi chihita cha thanki yaikulu, chosazima chokha, chachitali moti mutu wake unatulukira kunja kwa madzi. Wogulitsa anayesa kufunsa kukula kwa thanki, koma yankho limene analandira mukulidziwa. Pamwamba pa zonsezi anatsitsirapo babu la m'khola, kuti ntchito ioneke yachimuna.

Dzuwa lisanafike paliwombo, Dokotala ndi Sisitala anayamba kuthamanga uku ndi uku.

"Mwaona? Zachangamuka. Lero Dokotala wafika pantchito nthawi yabwino."

"Bambo, kamzere kaja kakwera kwambiri," anatero akazi awo.

"Ine sindilera ziweto ndi kamzere. Chiweto chimanena chokha. Anapiye akazizidwa amaunjikana, akapsa amathawira m'mbali. Izinso zikapsa zithawira m'mbali."

"M'mbali mwake muti? Madziwa ndi amodzi, ndipo kulikonse n'galasi."

"Zimenezo ndikuzidziwa," anayankha, namata kapepala pa kamzereko kuti kasiye kusokoneza anthu.

Tinsomba titakwera pamwamba n'kumayasama, bambo anati kufunda kwabweretsa njala, nathiramo chakudya chodzaza dzanja. Atatero anapita kukhola kukatumikira ziweto zimene zimawamvetsa.

Atabwerako, galasi linali litachita thukuta, Sisitala atagona cham'mbali. Anapisamo chala n'kuchichotsa msanga ngati wachiviika mu tiyi. Apa mantha anawagwira, koma ngakhale pamenepo sanaitane munthu. Anathamangira kufiriji, natenga botolo la madzi ozizira, nawakhuthulira pa mutu wa chihita umene unali utapsa kunja kwa madzi. Chihita chinangoti phwaa, kusweka, magetsi a nyumba yonse n'kuthima, ndi mababu a m'khola omwe. Mwayi wake chala chinali chitatuluka kale m'madzimo.

Masiku otsalawo anawathera pokonza mawu. Anaganiza zonamizira nyengo, kenako wogulitsa, kenako tinsomba teniteniyo kuti tinabadwa tofooka. Koma namwino atafika n'kuona kathanki kouma, mawu onse aja anathawa. Mwanayo sanakalipe. Anangokhala pampando wake uja, chikwama chidakali paphewa, misozi ikutsika, ndipo zimenezi zinawalasa bambo ake kuposa chipongwe chilichonse.

"Ndimayesa kuti zikapsa zithawa," anatero bambowo motsitsa mawu.

"Zikanatulukira pati, ababa?"

Nthawi yomweyo mayi analowa ndi beseni. Wodwala ankasambira pang'onopang'ono, woonda monga kale, kanyali ka kahita kakuyaka ndi kuzima pa nthawi yake. Namwino anaseka misozi idakali m'masaya.

"Chipatala chachilendo ichi. Dokotala ndi Sisitala atisiya, Wodwala ndiye watsala."

Anatsuka kathanki, nathiramo madzi, nabwezeramo Wodwala ndi kahita kake, n'kuyamba kufotokozera amayi ake zoyenera kuchita akadzachokanso. Bambo Anapiye anaima pakhomo la balaza manja ali kumbuyo, ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe. Anakhosomola pang'ono, kenako anafunsa funso loyamba limene banjalo linamvapo kuchokera pakamwa pawo.

"Paja kamzere kaja kasadutse pati?"

Namwino anamatula kapepala pagalasi, nawayang'ana mwaulemu wonse.

"Si mukuzidziwa, ababa?"

Ananyamula kathanki kupita nako kuchipinda chake, ndipo kiyi anapatsa amayi ake. Bambo anatsala pabalaza akuyang'ana patebulo pamene pankakhala kathankiko. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.