Bondo la Ndaziona ndi Leviyatani wa Mitu Isanu ndi Iwiri

"Supita, Kamwendo! Wandimva?"

"Ndipita, amayi. Ndipo dzina langa ndi Ndaziona."

"Amuna andevu abwerera panjira, ndiye iwe ndi kandodo kakoko? Bondo louma ngati mpini wa khasu!"

Ndaziona anabadwa ndi bondo limodzi losapindika. Anzake akamagwada popereka madzi kwa akuluakulu, iye ankangoima njo, alendo n'kumati mwanayu ndi wamwano. Waulemu anali mkulu wake, Esinta, ndipo ulemu womwewo ndiwo unamupweteka.

Ku Dziwe la Nkhungu kunali lamulo limodzi: usagwadire munthu aliyense pamadzi paja. Abusa ankanena paguwa kuti m'menemo mukhala Leviyatani, chinjoka cha m'malembo, mfumu ya odzikuza onse. Koma dzulo lake mkulu wina wovala mkanjo woyera mbee anapempha Esinta madzi akumwa padziwepo, ndipo mawondo a Esinta anagwada okha mutu usanaganize. Dziwe linayasama n'kumumeza. Anali mtsikana wachisanu ndi chiwiri kumezedwa chotero.

Ndaziona sanadikire kuti mkangano uthe. Anamanga chimanga chokazinga kunsonga ya chitenje, ulendo!

Mumtengo wa mkuyu anapeza khwangwala, kolala yoyera pakhosi ngati abusa Lamulungu.

"Makolo anga ankadyetsa mneneri m'chipululu," anatero khwangwalayo. "Lero wanjala ndi mbalame."

Mtsikanayo anamukhuthulira chimanga chonse.

"Chilape!" anatero khwangwala.

"Nachize, koma fulumirani, achemwali anga akudikira."

"Ukafupika chimatalika, ukatalika chimafupika."

Ndaziona anayang'ana bondo lake. "Chinthu chogwadiridwa."

Khwangwala anaseka, nazula nthenga yake imodzi n'kuisomeka kunsonga ya ndodo ija. Pomwepo ndodo inasanduka ngowe yachitsulo.

Ndaziona atafika n'kumenya dziwe ndi ngoweyo, madzi anapatuka. Fungo linatuluka loyamba: mazira ovunda, chimbudzi chodzaza, galu wofa dzana. Iye anatseka mphuno natsika. Pansi pake chinali chitagona chinjoka, mitu isanu ndi iwiri, uliwonse ndi chisoti chachifumu chadzimbiri. Pansi pa zisotizo panali zilonda zochucha mafinya, ntchentche zobiriwira zili ng'aa. Atsikana asanu ndi awiri anali chigwadire m'matope, maso pansi, akuomba m'manja. Akaomba, mimba ya chilombo inkafufuma ngati nkhupakupa yokhuta.

Mwadzidzidzi chinjoka chinasowa, pamalo pake panaima mkulu wa mkanjo uja.

"Mwana wa yani iwe, wopereka moni choimirira? Kwanu kulibe alangizi?"

Mawu amenewo Ndaziona anali atawamva moyo wake wonse, ndipo anamubaya pomwe amabaya nthawi zonse. Koma anaimabe.

Mkuluyo anasungunuka n'kusanduka mnyamata. Eee, mnyamata wake! Wamtali, wakuda bwino ngati nthudza yakupsa, wa kampata m'mano.

"Onse amaona mwendo," ananong'ona, "ine ndaona maso ako. Pinda bondo labwinolo pang'ono chabe, ukhale mkazi wanga."

Panalibe mnyamata amene anamuuzapo zotere. Bondo labwino linayamba kupindika. Mnyamatayo anamwetulira kwambiri, ndipo m'kampata kaja munatuluka mphutsi yonenepa, ikugwedeza mutu.

Ndaziona analavula.

"Ndigwadire iwe? Pita ukasambe kaye!"

Chinjoka chinabwerera m'thupi lake, mitu yonse ikubangula, dovu likugwa ngati phala lotokota. Ndaziona anatsimphina kufika pa Esinta.

"Achemwali, imirirani!"

"Khala chete, mng'ono wanga, akuluakulu akulankhula."

"Akuluakulu ake ati? Mwachionako chimene mukuchiombera m'manjachi?"

Ayi, Esinta anali asanachione. Mtsikana woleredwa bwino sayang'ana mkulu kumaso. Ndaziona anakola mfundo ya duku la Esinta ndi ngowe, nakoka mpaka nkhope inadzuka. Esinta anaona zilonda, anaona ntchentche, anasanza, naimirira. Mutu umodzi unaphulika ngati chithupsa, phwa!

"Tayang'anani, anzanga, tayang'anani nyansizi!" anakuwa Esinta.

Ngowe inakola duku lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Mtsikana akaima, mutu unkaphulika. Zisoti zinagubuduka m'matope. Mfumu ya odzikuza inaphwa, inachepa, inachepa, mpaka kutsala kamsundu kakuda.

Khwangwala anatera pambali, nakanunkhiza.

"Ine ndimadya zovunda," anatero, "koma ichi ayi."

Ndaziona anakaponda ndi mwendo wake wouma uja, nakapukuta phazi paudzu kasanu.

Kumudzi nthungululu zinalira mpaka mbuzi zinabalalika. Wina anabwera ndi nkhuku, wina chitenje chatsopano. Amayi ena achikondi anayamba kugwada pamaso pake.

"Chonde dzukani!" anakuwa Ndaziona. "Mukufuna ndimere mitu?"

Anthu anaseka. Mayi ake, atakumbatira Esinta, anatembenuka misozi ili mbwembwembwe.

"Nena chimene ukufuna, Kamwe..."

"Dzina limenelo ayi, amayi. Achemwali ndabwera nawo. Nkhuku sindikuifuna. Ndimangofuna kuti muziti Ndaziona."